Nyanga za Wamakani Pakona ya Echaurren

Kwathu kuno ku Valparaíso ukafunsa munthu za trole, basi ija yoyendera magetsi, amayamba n'kukuuza za mayi ake. Wina akuti ankamukhazika pamiyendo chapazenera popita kumsika, wina akuti mayi ake anakwera trole tsiku lokamubereka ndipo anangotsala pang'ono kubadwira pampando wakumbuyo. Sudzamva munthu akuyamba ndi matayala. A Heriberto Quilodrán okha ndi amene amayamba ndi nyanga, ndodo ziwiri zazitali zija zimene zimaima padenga la trole n'kumatsetsereka pa mawaya amagetsi m'mwamba. Sitingawadzudzule, poti mkazi anamupeza chifukwa cha nyanga, ndipo chilichonse chimene akhala nacho pamoyo chinatsatira pamenepo.

Anabadwira kuphiri la Cordillera, m'nyumba yamalata yomwe inkaoneka ngati yagwira phirilo ndi zikhadabo. Bambo ake ankanyamula katundu kudoko ndipo ankafuna kuti mwana atsatire. Koma mnyamatayo anaona mmene misana ya anthu akudoko inkapindikira eni ake asanakalambe, n'kupita kudepoti ya matrole kukapempha ntchito yotsuka mazenera. Anayamba ndi chidebe ndi nsanza, anakwera pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina anamupatsa chipewa ndi chiwongolero. Nthawi imeneyo anali Heriberto chabe, panalibe womutchula kuti don, liwu laulemu limene timaika patsogolo pa dzina la wamkulu.

Masiku amenewo dalaivala aliyense ankakhala ndi trole yake, ngati mmene mlimi amakhalira ndi ng'ombe yake. Ya Heriberto inali imodzi mwa zija zinabwera pa sitima yapamadzi kuchokera ku America nkhondo yaikulu itatha, yobiriwira m'munsi, yoyererako m'mwamba, yolemera ngati tchimo. Ankaiyendetsa mofatsa mwakuti amayi ogula mazira ankachita kudikira iyo n'kusiya zina zidutse. Lamulo lalikulu la trole ndi limodzi, ndipo aliyense amene anagwirapo chiwongolero chake amalidziwa: pofika pakona pamene mawaya amakhota ndi kupingasana, chotsa phazi, ilekerere iyende ndi mphamvu imene ili nayo kale. Ukapanda kutero nyanga imadumpha waya, magetsi amazima, trole imaima ngati yakomoka, ndipo iwe umatsika pamaso pa anthu onse kukakoka chingwe kumbuyo kuti ubwezeretse nyanga pamalo pake. Dalaivala wabwino amachita nazo manyazi zimenezi.

Tsiku lina la mvula nyanga inamudumphira Heriberto pakona ya Echaurren, ndipo tsiku lokhalo inali ngozi yeniyeni. Anatsika, anagwira chingwe chonyowa, madzi akuyenderera m'mikono mpaka m'khwapa, maso ali m'mwamba kusakasaka waya. Pakona pomwepo panali mtsikana ndi mbaula yake akukazinga masopaipiya, timandasi tathyathyathya ta dzungu timene anthu akuno amatifuna mvula ikamagwa. Dzina lake anali Leontina Ampuero, ndipo pakamwa pake panali pakuthwa kuposa mpeni umene ankadulira dzungulo.

"Kodi akuluwa nsomba amawedza kumwamba?" anafunsa mokweza, osayang'ana Heriberto koma makasitomala ake.

Anthu anaseka. Heriberto anakola waya, magetsi anabwerera, koma asanakwere mtsikanayo anamukodola. Anamupukuta manja akuda ndi mwaye wa chingwe ndi nsonga ya epuloni yake, n'kumupatsa sopaipiya yotentha papepala. Mawa lake masana, pofika pakona ija, phazi la Heriberto linakana kuchoka.

Kuyambira pamenepo trole ija inagwidwa ndi nthenda yodabwitsa. Njira yonse kuchokera ku Barón, kumene matrole amayambira ulendo, inkayenda ngati mwana wa kwaya, koma masana ikafika ku Echaurren nyanga inkadumpha. Okwera sanadandaule. Anazolowera msanga, moti magetsi akangozima mazenera ankatseguka, manja n'kutuluka kugula masopaipiya, ndipo panali mlembi wina wa kubanki amene tsiku limene nyanga yagwira ankafika kwawo ali wokwiya. Amene anavutika ndi makaniko wa kudepoti, Baldomero Arriagada, munthu wamfupi, wamtima wapachala, amene makina akawonongeka ankaona ngati amutukwana iye. Anasintha masipuling'i. Anasintha timakala ta kunsonga kwa nyanga. Anakwera padenga n'kuwongola ndodo zimene zinali zowongoka kale, anakayambana ndi anthu okonza mawaya mpaka kutsala pang'ono kugwirana m'makosi. Pomaliza anaitcha La Porfiada, ndiye kuti Wamakani, ndipo dzinalo linamata. Zomukayikira Heriberto sanaziganizire n'komwe, poti ungamukayikire bwanji munthu amene amadikiridwa ndi amayi a mazira?

Chomwecho trole yosalakwa inasenza mlandu wa munthu, ndipo inausenza mpaka kukalamba. Heriberto ndi Leontina anakwatirana, Baldomero n'kukhala mboni atavala jekete yobwereka imene manja ake ankabisa zala. Anabereka ana, woyamba Griselda, ndipo Leontina sanasiye mbaula yake pakona. Nthenda ya Wamakani inachepa koma sinathe. Akakangana m'mawa kunyumba, kaya za mwana kaya za mlamu wokonda vinyo, masana ake nyanga inkadumpha ndithu. Heriberto sanali munthu wodziwa kunena kuti pepa. Ankangotsika n'kuima pamvula kapena padzuwa akukoka chingwe pamaso pa mkazi wake, mkaziyo n'kufunsa kuti lero msodzi wakola chiyani, kenako n'kumupukuta manja. Mkangano unkathera pomwepo. Kunyumba nkhani ya nyanga sankaikamba, ndipo Heriberto ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mkazi wake nayenso amati vuto ndi trole.

Zaka zinapita, mzinda n'kuyamba kuchita manyazi ndi matrole ake. Kunabwera mabasi a utsi othamanga ngati akuthawa moto, njira zina zinatsekedwa, mawaya ena anatsitsidwa. Kangapo konse tinamva kuti chaka chino ndiye chomaliza, koma matrole anapitiriza kuyenda, ochepa, obuula, poti anthu akuno sataya chinthu chimene anakwera ndi mayi awo. Wamakani anatopa chaka chomwe mawondo a Leontina nawonso anakana kutsika phiri. Anamukankhira kuseri kwa depoti, nyanga zitamangidwa padenga, ndipo mphepo yamchere yakunyanja inayamba kumudya. Nkhunda zinamanga zisa m'kabokosi kolembapo kumene trole ikupita, amphaka anaswerana pampando wa dalaivala. A Heriberto, amene tsopano anali don Heriberto wa imvi, anayendetsa zina kwa kanthawi, anaphunzitsa madalaivala atsopano, kenako nawonso anauzidwa kuti akapume.

Kupuma kunawakana. Kunawakananso a Baldomero ndi madala ena a kudepoti, ndipo poti mutu umodzi susenza denga, anagwirizana n'kupempha shedi yakale ya kudoko imene kale inkasunga matumba a shuga. Anaisesa, anapachika zithunzi ndi zipewa zakale, n'kuitcha nyumba yosungiramo zakale za matrole. Alendo oyamba anali akazi awo, obwera kudzaona chimene chinkawachedwetsa amuna. Ndiye tsiku lina anakakoka Wamakani ndi thirakitala, matayala onse ataphwa, ndipo a Heriberto atamuona akulowa pachipata anatembenuka n'kumayang'ana khoma nthawi yaitali, ngati kuti pakhomapo panalembedwa zofunika.

Kudzutsa trole yakufa si ntchito ya anthu a phuma. Pansi ponse panali pataola, moti phazi la a Baldomero linabooleza tsiku loyamba, ndipo anatukwana mosangalala ngati akumana ndi mdani amene anamusowa. Anazula matabwa, anapala dzimbiri mpaka zala kusupuka, zitsulo zosowa ankakazichotsa ku matrole ena akufa. Mipando anaisokanso mmodzimmodzi, ndipo pansi pa ina ankapeza zopanira tsitsi, mabatani, ndi chingamu chouma cha ana amene lero ndi agogo. Pokwecha penti anapeza mitundu yosanjikizana, uliwonse wa nthawi ya mabwana ake, ndipo anakangana mpaka kutopa za kubiriwira kwenikweni kwa poyamba. Aliyense ankalumbira kuti akukumbukira, koma panalibe awiri okumbukira zofanana. Madzulo ankakhala pamabokosi kumwa tiyi ndi buledi wopaka mapeyala, n'kumakumbutsana anthu amene anapita: uja ankakwera ndi tambala m'chikwama n'kumatsokomola tambalayo akalira, uja ankagona n'kuzungulira mzinda wonse osatsika. A Heriberto ankaseka nawo, koma tiyi asanazizire ankavala chipewa n'kukwera phiri, poti kunyumba kunali nkhani ina.

A Leontina anali atayamba kuiwala. Zinayamba ngati zoseketsa, mchere m'tiyi, makiyi mufiriji. Kenako anaiwala mayina a zidzukulu, kenako njira ya kutchalitchi. M'mawa wina anadzuka, anayang'ana mwamuna amene akhala naye moyo wonse, n'kufunsa mwaulemu kuti señor, ndiye kuti bambo, akufuna ndani. Kuyambira pamenepo a Heriberto anasanduka mlendo m'nyumba yawo yomwe. Mlendo wolandiridwa bwino, inde, wopatsidwa mpando ndi kufunsidwa ngati wadya, koma mlendo. Anayesa zonse zimene munthu angayese. Anavala chipewa chawo chakale cha ntchito, mayiyo n'kuwafunsa ngati abwera kudzawerenga mita ya magetsi. Anatulutsa chithunzi cha ukwati, a Leontina anachilandira ndi manja awiri, analoza mnyamata wa pachithunzipo n'kuwauza monyadira kuti uyu ndiye mwamuna wawo, amayendetsa trole, ndipo m'tauni monse mulibe dalaivala womuposa.

Chopweteka chinali chimenecho, kuti a Leontina sanamuiwale Heriberto ayi. Masana aliwonse ankaima pazenera loyang'ana kumunsi kumzinda n'kufunsa kuti, "Señor, Heriberto wadutsa kale?" Iwo ankayankha kuti sanadutse, adutsa posachedwa. Ankayankha choncho ataima pomwepo, phewa kukhudza phewa, ndipo mtima unkawawa ngati wina wauthira tsabola. Ankachita nsanje ndi mnyamata wa pachithunzi uja, ngakhale ankadziwa kuti n'zopusa kuchita nsanje ndi iwe mwini. Sankapempha zambiri kwa Mulungu. Ankangofuna kuti kamodzi kokha, asanasiyane, mkazi wawo awayang'ane n'kuwadziwa.

Ndiye kunabwera uthenga woti Lamlungu lomaliza la Meyi, tsiku limene zakale zonse za mumzinda zimatsegulidwa kuti anthu aone, Wamakani aloledwa kutuluka mushedi n'kuyenda pa mawaya ulendo umodzi atanyamula anthu. Madala anakumbatirana, koma a Heriberto anayamba kuganiza ngati mnyamata. Kuyendetsa okha sakanaloledwa, maso anali atayamba ng'ala. Amene anasankhidwa ndi Maritza Cárcamo, mayi wa ana atatu amene iwo omwe anamuphunzitsa ntchito, ndipo anakamupeza ku Barón akudya nkhomaliro m'trole yake.

"Mwana wanga, Lamlungu lija ukafika pakona ya Echaurren, usakachotse phazi."

Maritza analeka kutafuna. Anawakumbutsa kuti ndi iwo omwe ankamenya chitsulo ndi chipewa pakona pomwepo, akukuwa kuti phazi, phazi, mpaka iye kumazilota. Kodi tsopano akufuna kumuchititsa manyazi pamaso pa mzinda wonse, ndi trole imene madala aivutikira chonchi?

"Mayi akunyumba akakhala ali pakonapo," anatero a Heriberto, akupindapinda chipewa m'manja.

Maritza anawayang'ana. Nkhani ya nthenda ya Wamakani ankaidziwa monga aliyense wa kudepoti, ndipo zotsalazo anangoziphatikiza yekha. Anagwira pakamwa, kuseka kukumuvuta kubisa.

"Don Heriberto, inu? Nanga maestro Baldomero akudziwa?"

"Ukangomuuza, mzukwa wanga uzidzakwera trole yako tsiku ndi tsiku, n'kumakukuwira kuti phazi."

Apa ndi pamene a Heriberto analakwitsa, kulakwitsa kwake kwa anthu okonda ntchito yawo. Masabata otsalawo anawathera padenga la Wamakani limodzi ndi a Baldomero, amene anali atalumbira kuti salowa m'manda asanachiritse nthenda ija. Zina zonse anazisiyira anzawo, iwo anatenga nyanga. Madala awiri ankakwera makwerero m'mawa, wina kugwirira mnzake, n'kumanyozana kuti ndani ayambe kugwa. A Baldomero ankalankhula ndi nyangazo ngati ana osamva, kuziuza kuti zinawadyera unyamata koma ulendo uno zionana nawo.

"Iwe Heriberto, unali woleza mtima," anatero tsiku lina akupukuta thukuta. "Ukanakhala wina ukanaikana trole imeneyi. Tsiku ndi tsiku kutsika pamvula, osadandaula."

A Heriberto anati munthu amazolowera, n'kupempha sipanala.

Ndipo m'malo mosiya kanthu kogwedera, anathandiza ndi mtima wonse. Anapala timakala mpaka tinakwana pa waya ngati mphete pachala, anapaka girisi, anayesa masipuling'i n'kuwayesanso. Manja ozolowera kuchita bwino sadziwa kuwononga, ndiponso akanayamba bwanji kumusiya wolumala Wamakani, amene anawasenzera mlandu zaka zonse zija? Mumtima ankati nyanga imadumpha chifukwa cha phazi, ndipo nkhani ya phazi anaikonza kale ku Barón. Sanaganize kuti kale lija ankathandizidwa ndi mawaya akale a pakona paja, okhota ngati mwendo wa galu, ndipo mawaya amenewo anasinthidwa kalekale.

Lamlungu lija kunacha ndi mvula yowaza, mvula ya masopaipiya. Griselda anawaveka mayi ake chikhothi, anatsika nawo pa chikepe cha paphiri, n'kuwakhazika pampando wopinda pansi pa khonde la sitolo pakona ya Echaurren. Pamene panali mbaula yawo tsopano pali mayi wina wokazinga zomwezo, ndipo Griselda anagula kaphukusi n'kuwaika pamiyendo. A Leontina anakafumbata chifukwa kanali kofunda, osafunsa n'komwe kuti ali kuti.

Wamakani anatuluka akunyezimira ngati mkwatibwi. Anthu m'misewu ankapendeketsa maambulera kuti aone bwino, madala ena anavula zipewa, ndipo alendo a makamera, amene amajambula chilichonse ngakhale galu wogona, anathamanga m'mbali mwake. M'kati munali fungo la penti ndi zikopa zatsopano, ndi kulira kuja kwa injini yamagetsi kumene kumayambira pansi n'kumakwera ngati mayi akuyambitsa nyimbo. A Heriberto anaima kumbuyo kwa Maritza atavala jekete yawo yakale ya ntchito, imene tsopano inkawakulira. Misewu yake inali yomweyo koma masitolo anali ena. Pamene panali telala wawo tsopano akugulitsa mafoni, pamene panali mowa wa anthu akudoko pali mankhwala. A Baldomero anakhala mpando wakumbuyo kwenikweni, khutu lili kudenga, kumvetsera nyanga zawo.

Atayandikira pakona Maritza anayang'ana pagalasi, a Heriberto n'kugwedeza mutu. Phazi silinachoke. Trole inalowa pakona ndi liwiro loti anthu anagwerana, mayi wina anaitana Amayi Maria, m'mwamba munamveka kukwecha ndi kuthetheka kwa moto. Koma nyanga zinagwira. Zinadutsa pamphambano ya mawaya ngati zinabadwira pomwepo, magetsi osaphethira n'komwe. Kumbuyo a Baldomero anaimirira manja ali m'mwamba, kulengeza kwa aliyense kuti wachira, Wamakani wachira, tsopano akhoza kufa.

A Heriberto anaona pazenera lonyowa mkazi wawo akutsalira m'mbuyo, mutu uli pansi, akusisita kaphukusi kaja. Sanadzutse n'komwe maso. A Heriberto anagwira chitsulo ndi manja awiri. Anali atadzitchera okha msampha, ndi manja awo omwe, ndi girisi wawo yemwe, ndipo ulendo unali umodzi wokhawo.

Maritza anaimika trole patsogolo pang'ono, pamalo pamene panalibe siteji, n'kutsegula chitseko.

"Don Heriberto, ndamva ngati nyanga ina yalira mwachilendo. Tatsikani mukaione."

A Baldomero anakuwa kuti palibe chimene chalira, makutu a Maritza ndi amene achita dzimbiri, koma a Heriberto anali atatsika kale. Anayenda pamvula kuzungulira kumbuyo, a Baldomero akuwatsatira ndi ambulera ndi mawu. Anamasula chingwe, anachikulunga padzanja monga ankachitira kale, n'kukoka. Nyanga inachoka pa waya. Magetsi anazima, kulira kwa injini kunafa, ndipo pakona ponse panagwa bata lija limene anthu akale a ku Echaurren ankalidziwa, lomveka mvula yokha ndi mafuta akuthetheka m'chiwaya.

Bata limenelo ndi limene linawadzutsa mutu a Leontina. Anayang'ana ndodo ikugwedezeka m'mwamba, anatsitsa maso kutsata chingwe mpaka pa munthu amene anachigwira. Kenako anamugunda Griselda ndi chigongono, monga ankachitira ndi makasitomala, n'kulankhula ndi mawu akuthwa aja amene m'nyumba anali atasowa kalekale.

"Mwamuona uyo? Amachitira dala. Tsiku loyamba lokha ndiye inali ngozi, kwinaku konse n'kufuna kundiona. Iye amati sindidziwa. Musamuuze, angachite manyazi n'kusiya."

A Baldomero anali pafupi moti anamva liwu lililonse. Anayang'ana mayiyo, anayang'ana mnzawo, anayang'ana padenga pamene anathera unyamata wawo akusintha masipuling'i abwinobwino. Pakamwa panatseguka, ndipo madala a kushedi amene ankasuzumira pazenera lakumbuyo anadikira mabingu.

"Heriberto," a Leontina anaitana. "Lero wakola chiyani, msodzi iwe? Fulumira, izi zikuzizira."

A Heriberto anakweza nkhope kumwamba, mvula ikuwalowa m'maso n'kusakanikirana ndi misozi, n'kuyendetsa nyanga kulunjika pa waya. Munthu ameneyu ankakola waya kamodzi kokha, kaya pamphepo kaya pankhungu. Nyanga inafika pafupi, inakhudza, n'kupitirira. A Leontina anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, n'kunena kuti msodzi wakalamba, tsopano ngakhale waya akumuthawa. A Heriberto anayesanso, n'kuphonyanso mwaluso kuposa poyamba. Ankadziwa kuti nyanga ikangogwira magetsi ayaka, trole inyamuka, ndipo pofika madzulo akhalanso señor.

Anthu a m'trole anayamba kung'ung'udza, ndipo bambo wina wa kamera anatulutsa mutu n'kufunsa ngati palibe wamaso abwino woti awathandize madalawo. A Baldomero ndi amene anamuyankha. Anatseka pakamwa paja, anameza zimene zinali pakhosi, n'kusendeza ambulera kuti iphimbe mutu wa mnzawo, wawo n'kuusiya pamvula.

"Dekhani, bambo," anatero. "Trole iyi ndi yamakani kuyambira kale. Ine ndaikonza moyo wanga wonse, ndipo pakona pano sinachirepo."

Pansi pa khonde a Leontina anali atagwira kale nsonga ya chikhothi chawo, kudikira manja oti awapukute.